Musanati ndi ukalamba, yambani mwakhuthula thumba la mankhwala a agogo

Amayi anga ali ndi zaka za m'ma 70 ndipo amakhala kumudzi kwathu chakufupi ndi Lifuwu. Mu Okutobala wina, nthawi ija mchenga wa kuno ku Salima umaotcha mapazi, mchemwali wanga anandiimbira kuti amayi asintha. Ankadzuka usiku n'kumapapasa khoma kufunafuna chitseko, ankaitana malume athu amene anamwalira kalekale, ndipo tsiku lina anagwa pochokera kuchimbudzi. Ena ankati ndi ukalamba, tingovomereza. Ena anali atayamba kale kunong'onezana mawu aja a ufiti amene aphetsa agogo ambiri m'dziko muno.

Nditafika ndinapempha kuona mankhwala awo onse. Amlodipine wa BP anali m'timapaketi tiwiri, wina wolandira kuchipatala, wina amene ife tomwe tinawagulira ku famase nthawi ina atawathera. Mibuluyo inali yosiyana kaonekedwe, ndiye amayi ankamwa yonse poganiza kuti ndi mankhwala awiri. Panalinso HCTZ, nayenso wa BP, Indocid wa mawondo wogula pa okala, Piriton woti azigona, botolo la mavitamini lochokera ku Johannesburg, ndi kachigubu ka mankhwala azitsamba. Madzi ankangomwa kapu imodzi kapena awiri patsiku poopa kudzuka usiku. Kuchipatala anachotsapo ena, n'kukonza mlingo wa otsalawo, ndipo patatha masabata awiri amayi anali akulongosolanso nkhani za munda wawo wa mpunga ngati kale.

Si kusokonekera konse kumene kumatha chonchi. Alipo matenda enieni oiwalaiwala, amene achipatala amati dementia, obwera pang'onopang'ono kwa miyezi ndi zaka, ndipo sachizika. Koma simungadziwe mbali imene agogo anu ali musanaone zimene akumwa ndi zimene akudya. Munthu akamakula, impso ndi chiwindi zimachedwa kuchotsa mankhwala m'magazi, madzi m'thupi amachepa, ndipo ubongo suchedwa kukhudzidwa. Mbulu umene mnyamata amamwa n'kupita kukakoka khoka ukhoza kugoneka agogo tsiku lonse.

Zosadikira mawa

Tisanayambe ndondomeko, pali zina zofunika kuthamanga nazo. Munthu amene dzulo anali bwinobwino koma lero sakudziwa pamene ali, ameneyo wadwala, apite kuchipatala lero lomwe. Kawirikawiri amakhala malungo, chibayo, matenda a m'chikhodzodzo, kutsika kwa shuga, kuchepa kwa madzi m'thupi, kapena mankhwala. Musadikire kuti thupi litenthe, okalamba ambiri amadwala kwambiri thupi lili lozizira.

Pakamwa pakapindika, dzanja kapena mwendo wa mbali imodzi ukalefuka, mawu akamatuluka osamveka, imeneyo ndi sitiroko. Pezani galimoto nthawi yomweyo. Musawapatse Aspirin, chifukwa sitiroko zina zimadza mtsempha ukaphulika m'mutu, ndipo musawakakamize phala kapena madzi, akhoza kutsamwa. Wodwala shuga akamanjenjemera, kutuluka thukuta lozizira ndi kuyankhula zosagwirizana, sungunulani shuga masupuni ang'onoang'ono atatu m'madzi amwe, kenako adye chakudya. Ngati akomoka musawathire kanthu m'kamwa, ingopakani shuga m'kati mwa tsaya muli pa ulendo wa kuchipatala. Chimbudzi chakuda bii, chonanda ndi chonunkha kwambiri, chimasonyeza kuti magazi akutayika m'mimba.

Ndinenenso ichi poyera. Agogo opezeka akuyendayenda usiku, ngakhale pakhomo pa eni ake, ndi odwala ofunika kuwaperekeza kwawo. Lamulo la dziko lino la m'chaka cha 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti.

Choyamba: khuthulani zonse pamkeka

Sankhani tsiku limene simukuthamangira kwina. Yalani mkeka, khalani nawo pansi, muwapemphe bwinobwino: "Agogo, tandionetsani mankhwala anu onse, ndi akale omwe." Musafike ngati wodzasecha m'nyumba, chifukwa akaona kuti mukufuna kuwalanda abisa, ndipo amene abisewo ndi amene mumafunika kuwaona.

Okalamba ali ndi malo awo osungira: pamfundo ya chitenje, m'thumba la jekete, pansi pa pilo, m'chitini cha pawindo, m'kati mwa Baibulo, pambali pa mkeka wopempherera. Tengani zonse, a kuchipatala, a pa golosale, odontheza m'maso, opaka, ufa ndi makungwa a kwa asing'anga, mavitamini. Funsaninso za amene anapatsidwa ndi anzawo, chifukwa agogo amagawana mankhwala ngati mchere. Wina akangodandaula mawondo, mnzake wamasula kale chitenje.

Sonkhanitsaninso mabuku a kuchipatala. Ambiri ali ndi awiri kapena atatu, lina la kuchipatala chaching'ono, lina la kuboma, lina la kuchipatala cholipira, ndipo dokotala aliyense amangoona limene lafika m'manja mwake. Asokereni pamodzi.

Chachiwiri: lembani m'kope

Gulani kope la ana asukulu. Pa mankhwala aliwonse lembani dzina, mphamvu yake monga 5mg kapena 10mg, matenda ake, ndi mmene agogo akumwera. Dzina lofunika ndi lija lolembedwa m'zilembo zing'onozing'ono, chifukwa makampani amapatsa mankhwala amodzimodzi mayina osiyanasiyana. Panado ndi paracetamol ndi chinthu chimodzi, ndipo mankhwala ambiri a chimfine ali ndi paracetamol ndi Piriton m'kati mwake.

Kafunsidwe kake nako n'kofunika. Mukati "mumamwa monga anakuuzani?" ayankha kuti inde pofuna kukusangalatsani. Muwapatse paketi m'manja n'kufunsa, "Awa mumamwa nthawi yanji, mibulu ingati?" Mibulu yopanda dzina ndi yotha masiku ikani m'kathumba kapadera, musataye. Pa tsamba lina lembani zimene mwakhala mukuona: tsiku limene anagwa, chizungulire, kutupa mapazi, kudzimbidwa, kukana chakudya, ndi nthawi imene zinayamba.

Chachitatu: pitani nazo kuchipatala, inu mulipo

Mukhoza kuyambira pafupi, kaya ndi ku Khombedza, Chipoka kapena Lifuwu, koma ngati mankhwala ndi ambiri, pemphani kuti akutumizeni ku kiliniki ya shuga ndi BP kuchipatala cha boma ku Salima. Mitundu ikafika isanu, mpata woti mankhwala alimbane okhaokha m'thupi umakula kwambiri. Nyamulani thumba lonse, kope ndi mabuku. Agogo asalowe okha m'chipinda cha dokotala. Ambiri samva bwino, ndipo mwaulemu wawo amangoti "zikomo" pa chilichonse.

Mzere umakhala wautali ndipo dokotala amakhala ndi mphindi zochepa, choncho konzekeranitu mawu. Ine ndinati: "Adokotala, pepani, amayiwa akumwa zonsezi ndipo agwa kawiri mwezi uno. Alipo amene angasiye? Alipo amene sagwirizana? Mlingowu ukuyenerana ndi msinkhu wawo?" Safunsa anadya phula. Tchulaninso azitsamba aja mosachita manyazi. Kubisa kumapweteketsa agogo, pamene dokotala wakumana kale ndi anthu ambirimbiri omwa zitsamba.

Pemphani kuti awayeze BP atagona kenako ataimirira, chifukwa ena imatsika kwambiri akangodzuka ndipo ndi chimene chimawagwetsa. Awayezenso shuga, kuchuluka kwa magazi, sikelo, ndi impso ngati zipangizo zilipo.

Musasiyitse nokha mankhwala olembedwa ndi dokotala. Ma ARV, mankhwala a khunyu, propranolol ndi atenolol, prednisolone, komanso diazepam ndi amitriptyline amene amwedwa nthawi yaitali, ukawasiya mwadzidzidzi amabweretsa vuto loposa loyamba lija.

Chachinayi: dziwani mankhwala ofunika kuwayang'anitsitsa

Oyamba ndi a ululu aja amene ali pa okala iliyonse: Brufen, Indocid ndi Diclofenac. Amathandizadi msana ndi mawondo, n'chifukwa chake agogo amawakonda. Koma akamwedwa tsiku ndi tsiku amakanda m'mimba mpaka zilonda ndi kutaya magazi, amakweza BP, ndipo amafooketsa impso. Munthu amene akumwa mankhwala a BP a enalapril ndi HCTZ akaonjezera Brufen, nyengo yotentha madzi asakumwa, impso zake zimapanikizidwa mbali zitatu nthawi imodzi. Panado ndiye wofatsa. Malire a munthu wamkulu ndi mibulu 8 ya 500mg patsiku, iwiriiwiri motalikitsa maola osachepera anayi, koma agogo oonda osafika makilogalamu 50, kapena omwa mowa, afunika ochepera pamenepo, dokotala akuuzani. Pa bondo mukhoza kuthowa ndi kansalu ka madzi ofunda kapena kupaka mankhwala a pakhungu. Ndodo nayo si chamanyazi.

Achiwiri ndi ogonetsa: Piriton, promethazine, amitriptyline ndi diazepam. Atatu oyambawo amatsekereza acetylcholine, chinthu chimene ubongo umagwiritsa ntchito pokumbukira. Zotsatira zake ndi kuuma m'kamwa, kudzimbidwa, kusokonekera mutu, ndipo kwa abambo amene prostate (kachiwalo ka pansi pa chikhodzodzo) inakula, mkodzo ukhoza kutsekeka. Diazepam amapangitsa munthu kudzandira. Agogo akagwa n'kuthyoka fupa la m'chiuno, ambiri sayendanso ngati kale, ndipo ine ndimaona kuti tulo ta usiku umodzi sitingalipire zimenezo. Tulo ta okalamba n'topepuka mwachibadwa. Yambani mwachotsa tiyi wa madzulo ndi kugona kwa masana onse.

A shuga. Glibenclamide amakhalitsa m'thupi la wokalamba, ndipo agogo akamwa koma osadya, shuga amatsika mpaka kukomoka. Nkhaniyi ndi yaikulu kuno kunyanja kumene ambiri amasala pa Ramadan, komanso kwa osala kudya m'mipingo. Pitani ku kiliniki kutatsala masabata angapo kuti akonze nthawi ndi mlingo, kapena anene ngati kusalako kungawapweteke. Metformin amwedwe ndi chakudya. Akamwedwa zaka zambiri amachepetsa vitamini B12, ndipo munthu amayamba dzanzi kumapazi, kufooka ndi kuiwala.

A BP ndiwaikire kumbuyo, chifukwa ndi amene amateteza ubongo kuposa botolo lililonse la mavitamini. BP yokwera sipweteka, imangoononga timitsempha ta m'mutu mwakachetechete mpaka sitiroko kapena kuiwala. Agogo akati "ndachira, ndasiya," afotokozereni kuti akupeza bwino chifukwa cha mankhwalawo. Zovuta zake zili ndi pothawira. HCTZ amakodzetsa, ndiye amwe m'mawa. Amlodipine amatupitsa mapazi ena. Enalapril amabweretsa chifuwa chouma chosatha, chimene anthu amathera ndalama pogula mankhwala a chifuwa pamene chofunika ndi kungouza dokotala asinthe. Podzuka, agogo ayambe akhala m'mphepete mwa bedi kapena pamkeka kwa mphindi imodzi, kenako aimirire atagwira chinthu.

Ma ARV aulere anayamba m'dziko muno mu 2004, ndipo ambiri amene anayamba nthawi imeneyo lero ndi agogo. Kuyambira 2019 ambiri akumwa mbulu wokhala ndi dolutegravir. Mankhwalawa amagwirana ndi ayironi, calcium ndi magnesium m'mimba n'kulephera kulowa bwino m'magazi. Choncho mapiritsi oonjezera magazi, mavitamini osakaniza ndi Magnesium wa kutentha pamtima asamwere limodzi ndi ma ARV. Amwe ma ARV kutatsala maola awiri kuti amwe enawo, kapena patatha maola 6 atamwa enawo. Dolutegravir amachulukitsanso metformin m'magazi, ndiye a ku kiliniki ya shuga ndi a ku ma ARV onse adziwe zimene anzawo akupereka.

Chachisanu: konzani kamwedwe

Pakhale munthu mmodzi woyang'anira, ndi wina womulowa m'malo akachoka. Aliyense akamapereka, agogo amamwa kawiri kapena samwa n'komwe. Nthawi yomwera imangirireni ku chinthu chochitika tsiku lililonse, monga phala la m'mawa, kuitana kwa kumzikiti, kapena nkhani za pa wailesi.

Ngati agogo amamwa okha, tengani timabokosi ta machesi 7, lililonse tsiku lake, kapena tiwiri patsiku, lina lojambulidwa dzuwa lina mwezi. Muziikamo Lamulungu lililonse. Mukapeza bokosi la Lachitatu lili lodzaza Lachinayi, mwadziwa kuti anaiwala. Akatero asamwe mibulu iwiri pofuna kubwezera. Ma ARV okha asiyeni m'botolo lake lotseka bwino chifukwa sagwirizana ndi chinyezi, muzingochonga m'kope.

Mankhwala ambiri safuna kutentha kopitirira madigiri 30, ndipo nyumba ya malata kuno mu Novembala imaposa pamenepo. Asakhale pawindo, kukhitchini kapena pamwamba pa khoma pafupi ndi denga. Chitini chotseka, m'chipinda chozizirirapo, pamalo amene adzukulu safikira, patali ndi mankhwala a mbewu. Insulin, ngati mulibe firiji, ikani kabotolo kake m'chitini chotseka ndi kukwirira mumchenga wonyowa mumphika wadothi, pamthunzi. Mibulu ikamavuta kumeza musangoiphwanya, ena monga nifedipine wogwira ntchito pang'onopang'ono amalowa onse nthawi imodzi akaphwanyidwa. Funsani ku famase ya kuchipatala, ndipo otha masiku aja kasiyeni komweko.

Chachisanu ndi chimodzi: madzi

Ludzu limazilala ndi ukalamba. Agogo akhoza kuuma m'thupi osamva kalikonse, ndipo ambiri amadzimana dala chifukwa chimbudzi chili kutali ndipo usiku kuli mdima. Musadikire kuti apemphe. Dzazani chigubu chawochawo m'mawa, cha makapu 6 mpaka 8, chithe dzuwa lisanalowe kuti usiku asavutike. Thobwa losachuluka shuga, madzi a malambe kapena a bwemba, zonsezi zimawerengedwa. Mkodzo wachikasu kwambiri ndi wochepa ukutanthauza kuti madzi akuperewera. Ikani kandowa kovundikira ndi tochi pafupi ndi pogona. Amene anauzidwa kuchipatala kuti achepetse madzi chifukwa cha mtima kapena impso atsate zimene anauzidwazo.

Akatsegula m'mimba kapena kusanza, yambani Thanzi ORS n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo, mukafunse ngati metformin, enalapril ndi HCTZ ayambe aimitsidwa mpaka achire.

Chachisanu ndi chiwiri: mbale ya agogo

Apa ndi pamene ndimafuna tichedwepo. M'makomo ambiri agogo amadya nsima ndi msuzi, ndiwo zenizeni n'kukankhira adzukulu. Amachita mwachikondi, ndipo pagulu simungazindikire. Kenako miyendo imaonda, kudzuka pampando kumavuta, ife n'kumati ndi zaka. Apatseni mbale yawoyawo ya ndiwo, ndipo wina akhale nawo pafupi, chifukwa munthu wodya yekha amadya pang'ono.

Wokalamba amafunika zakudya zomanga thupi kuposa mmene ambiri timaganizira, pafupifupi galamu imodzi kapena kuposerapo pang'ono pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku, pokhapokha ngati ali ndi matenda a impso. Agogo a makilogalamu 50 ndiye kuti magalamu 50 mpaka 60. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6, kapu ya nyemba zophika pafupifupi 15, ndipo usipa wouma, kuposa theka la kulemera kwake ndi zomanga thupi. Zigaweni pa chakudya chilichonse, osati madzulo okha.

Ife a kunyanja tili ndi mwayi umene a kumtunda amaulipira ndalama zambiri. Usipa umadyedwa wonse ndi mutu ndi minga yomwe, choncho umapereka calcium wa mafupa, ayironi, ndi vitamini B12 amene sapezeka m'masamba kapena nyemba koma m'nsomba, nyama, mazira ndi mkaka. Ngati mano anatha, kazingani usipa wouma pang'ono, sinjani, sefani, muzithira supuni imodzi kapena awiri m'ndiwo zamasamba kapena m'phala. Amayi anga poyamba ankakana kuti ndi zakudya za ana a kusikelo, koma titathira mu nkhwani wotendera anadya osatsala.

Phala la m'mawa likhale la mgaiwa, lothira nsinjiro kapena soya, ndi dzira kapena mkaka zikapezeka. Mtedza wachuku tayani, umaononga chiwindi. Masana ndi madzulo yesetsani kuti magulu 6 aja a zakudya amene alangizi a zaumoyo amaphunzitsa aonekeko: nsima, mpunga kapena mbatata yofiira m'kati, nyemba, nandolo, khobwe kapena nzama, nsomba kapena dzira, bonongwe, chisoso, kholowa, chigwada, chipatso, ndi mafuta pang'ono kapena nsinjiro. Futali ndi maungu ndi zofewa bwino kwa ovutika kutafuna. Papaya ndi masamba zimathandiza kuchepetsa kudzimbidwa. Malambe ali ndi vitamini C wambiri amene amathandiza thupi kutenga ayironi m'zakudya, pamene tiyi amachita zosiyana, ndiye tiyi adikire ola limodzi chakudya chitatha. Wodwala shuga nyengo ya mango adye limodzi, osati kukhalira beseni.

Mchere. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu asapitirire magalamu 5 patsiku, supuni yaing'ono imodzi, kuwerengera zonse. Lilime la wokalamba silimva kukoma ngati kale, ndiye amaonjezera mchere pambale. Chotsani mchere pamkeka, chepetsani timakyubu tokometsera ndiwo ndi timapaketi ta m'masoya pisi, nsomba zamchere muzitsuka kaye. Soda wa mu therere naye amakweza BP ngati mchere ndipo amapha mavitamini ena, muzithira pang'ono kwambiri. Tomato, anyezi, adyo ndi mandimu zimabwezeretsa kukoma. Chepetsani m'phika wa banja lonse pang'onopang'ono, agogo asaone ngati akulangidwa.

Kachasu ndi mowa wina sizigwirizana ndi mankhwala a shuga, ogonetsa ndi Panado. Fodya, wosuta ndi wa mphuno yemwe, amakweza BP.

Chachisanu ndi chitatu: mabotolo a mavitamini ndi zitsamba

Ana amene ali kutauni kapena kunja amatumiza mabotolo chifukwa chokonda makolo, ndipo sindikuwanyoza. Koma zoona zake ndi izi. Mu 2019 bungwe la WHO linatulutsa malangizo ochepetsera chiopsezo cha dementia, ndipo linanena kuti mavitamini B ndi E, mafuta a nsomba a m'makapusozi ndi mavitamini osakaniza asaperekedwe ndi cholinga choteteza matendawa. Mankhwala azitsamba a Ginkgo biloba, amene amagulitsidwa kuti ndi wa ubongo, anayesedwa ku America pa okalamba oposa 3,000, ndipo zotsatira zimene zinatuluka mu 2008 zinaonetsa kuti sanateteze kuiwala. Chimene angachite ndi kuonjezera kutaya magazi kwa omwa Aspirin kapena warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana. Ena azitsamba otchedwa St John's wort amafooketsa ma ARV. Vitamini A wochuluka amaunjikana m'chiwindi, chonsecho shuga ndi mafuta ophikira a m'sitolo kuno amathiridwa kale vitaminiyu.

Mavitamini ali ndi ntchito pamene pali chosowa chodziwika. B12 kwa amene wachepa, kawirikawiri mwa jekeseni. Pyridoxine (vitamini B6) kwa omwa isoniazid wa TB, kuteteza dzanzi la kumapazi. Ayironi kwa ochepa magazi, koma apa musakhutire ndi mapiritsi okha. Wokalamba sachepa magazi popanda chifukwa, ndiye funsani kuti magaziwo akupita kuti. Mwina ndi Brufen uja, njoka za m'mimba, likodzo limene kuno kunyanja ndi lofala, malungo, kapena chotupa. Vitamini D thupi limapanga lokha padzuwa, vuto limakhala kwa agogo ogonera m'nyumba tsiku lonse. Atulutseni pakhonde m'mawa dzuwa lisanapse.

Chammwamba ndi ndiwo zabwino, dyani. Koma sichilowa m'malo mwa mankhwala a BP kapena a shuga, ngakhale wogulitsa ufa wake alumbire bwanji. Madzi a aloe vera amatsegula m'mimba n'kufooketsa munthu. Zigubu zopanda dzina zogulitsa m'basi ndi pamsika simungadziwe zimene zilimo ndi mlingo wake. Chilichonse chimene akuti chimachiza shuga, BP, nyamakazi ndi khansa nthawi imodzi, chisiyeni pomwepo. Gulani ku famase yovomerezedwa ndi bungwe loyang'anira mankhwala la PMRA, ndipo botolo latsopano lililonse lionedwe ndi dokotala lisanatsegulidwe. Achibale ofuna kuthandiza auzeni mosabisa kuti ndalamayo atumize ya mazira, usipa, mkaka ndi thiransipoti ya kuchipatala.

Chomaliza: maso, makutu, anzawo, ndi tsiku lobwerera

Ubongo umafooka msanga munthu akasiya kuona, kumva ndi kucheza. Ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi, ndipo kusamva kwina kumangokhala phula lodzaza m'khutu, choncho kawayezetseni. Musawalande ntchito zonse poti akalamba. Asiyeni atongole chimanga, aluke mkeka, asoke ukonde, apite kubawo, kukwaya kapena kumzikiti. Kudzuka pampando ndi kukhalanso kakhumi, m'mawa ndi madzulo, wina ali pambali, kumalimbitsa miyendo.

Kukhuthula thumba kuja bwerezani miyezi 6 iliyonse, komanso nthawi iliyonse agogo akatuluka m'chipatala, akagwa, kapena akapatsidwa mankhwala atsopano. Vuto latsopano likayamba patangopita masiku ochepa chiyambireni mankhwala ena, ganizirani mankhwalawo kaye. Mukauzidwa kuti mankhwala atha mukagule, pemphani akulembereni dzina ndi mphamvu yake, ndipo pofika kunyumba muonetse agogo kuti awa akulowa m'malo mwa aja, si oonjezera. Apa ndi pamene ife tinalakwitsa.

Kwathu kope lija limakhala m'kathumba kopachika pamsomali kuseri kwa chitseko. Likasintha, mchemwali wanga amajambula tsambalo n'kutumiza pa WhatsApp kwa ana onse, kuti wina asagule zakezake. Tsiku lokatenga mankhwala timalemba pa kalendala kutatsala masiku atatu kuti athe, koma kuyambira Disembala mpaka Malichi timapita kutatsala sabata yathunthu, chifukwa mvula ikagwa usiku njira ya kwathu njinga sidutsa.